Ndani ankaloledwa kulima bale? Mbiri ya ndale ndi thumba la mlimi



Pa zokambirana zathu zaposachedwa mnzathu wina anayankhula mawu omwe ambirife tinawaombera m'manja. Anati iye za ndale alibe nazo ntchito, chomwe akufuna ndi kampamba basi, ayambe geni yake, za ku nyumba ya malamulo azionere okha eni ake. Kunena zoona mawuwa ndi omveka. Ambirife tatopa ndi malonjezo a pa kampeni, ndipo munthu ukatopa umangoti bola ndizisamala zanga.

Komabe pa tsamba la mbiri la mwezi uno ndikufuna ndikufunseni kafunso. Kodi mukudziwa kuti mpaka chaka cha 1990 mlimi wamba wa m'mudzi sankaloledwa kulima fodya wa bale pamunda pake n'kukagulitsa yekha ku okushoni? Nthaka inalipo, mvula inkagwa, luso analinso nalo, pajatu ndi yemweyo ankakalima fodyayo ku esiteti ngati tenanti. Chinkamuletsa ndi lamulo lolembedwa papepala, ndipo lamulolo linapangidwa ndi anthu okhala pa mipando. Mlimi uja akanatha kunena kuti za ndale alibe nazo ntchito, koma ndalezo zinali naye ntchito tsiku lililonse.

Ndiye tiyeni titsate fodya ndi nthaka kuyambira nthawi ya atsamunda mpaka lero. Muona kuti okhala pa mpando ndi amene ankasankha woti alemere, ndipo olemerawo ankagwiritsa ntchito chumacho kulimbitsa mpando. Muonanso kuti thumba likabooka mpando umayamba kugwedera.

Malo, msonkho ndi thangata

Tiyambire mu 1891, pamene Britain inalengeza kuti dziko lino lili pansi pa chitetezo chake, Harry Johnston n'kukhala mkulu woyamba wa boma la atsamunda ku Zomba. Pofika nthawiyo azungu ena anali atatenga kale malo aakulu ku Blantyre, Thyolo, Mulanje, Chiradzulu ndi Zomba, ponena kuti anagula kwa mafumu ndi nsalu, mikanda ndi mfuti. Johnston anawapatsa zikalata za umwini zotchedwa Certificates of Claim. Kapepala kameneka kanasandutsa nthaka ya makolo kukhala katundu wa munthu mmodzi kapena wa kampani.

Komatu malo opanda antchito sabala ndalama. Anthu a m'midzi anali ndi minda yawo, ndipo sankaona chifukwa chosiyira mapira ndi chimanga chawo kuti akalimire mzungu khofi. Apa ndi pomwe msonkho wa nyumba unagwira ntchito yake. Boma linkafuna msonkho chaka ndi chaka, ndipo njira yachidule yopezera ndalama inali kukalembedwa ntchito ku esiteti. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 boma linafika poika lamulo loti amene wagwira ntchito kwa mzungu mwezi umodzi azilipira theka lokha la msonkho. Mwaonatu, lamulo la msonkho linasanduka lamulo lopezera azungu antchito otchipa.

Kenako panali thangata. Liwuli poyamba linali labwinobwino, kuthandizana kumunda ngati mmene timachitira pa dima. Pa maesiteti linasintha tanthauzo: wokhala pa malo a mzungu ankagwira ntchito m'malo mwa lendi. Amene anavutika kwambiri ndi Alhomwe omwe ankalowa m'dziko muno kuthawa nkhanza za Apwitikizi ku Mozambique, chifukwa zikalata za Johnston zinkangoteteza midzi yomwe inalipo kale. Mwezi wa thangata unkatha kutalika mmene kapitawo ndi bwana wake afunira, ndipo wokana ankathamangitsidwa pamalopo.

Nanga munthu akanakadandaula kuti? Nyumba ya malamulo ya atsamunda inakhazikitsidwa mu 1907, chaka chomwe dzikoli linatchedwa Nyasaland. M'menemo munali bwanamkubwa, akuluakulu a boma ndi azungu ochepa osankhidwa ndi bwanamkubwayo. Munthu wakuda munalibe. Mmishonale ndi amene ankati aziyankhulira eni dziko. Ndiye eni maesiteti anali ndi pakamwa m'nyumba yopanga malamulo, pamene ogwira thangata anali panja.

Mbusa John Chilembwe wa ku Mbombwe, ku Chiradzulu, ankaona zonsezi pafupi, chifukwa ambiri mwa akhristu ake ankakhala pa esiteti ya A. L. Bruce ku Magomero. Analemba kalata ku nyuzipepala ya Nyasaland Times chakumapeto kwa 1914 kudandaula za anthu akuda omwe ankafera pa nkhondo ya azungu, koma palibe chinasintha. Pa 23 Januwale 1915 anthu ake anaukira, William Jervis Livingstone yemwe ankayang'anira esitetiyo anaphedwa, ndipo kumayambiriro kwa Febuluwale Chilembwe naye anaphedwa. Thangata linapitirira mpaka 1962. Tikamakumbukira Chilembwe pa 15 Januwale, tizikumbukiranso kuti nkhani yake inali ya malo, ntchito ndi msonkho.

Mlimi wamba atayamba kupambana

Khofi yemwe azungu ankadalira anagwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, ndipo anatembenukira ku thonje, tiyi ndi fodya. Kampani ya Imperial Tobacco inatsegula fakitale ku Limbe mu 1908. M'zaka za m'ma 1920 azungu awiri, A. F. Barron ndi R. W. Wallace, anayamba kugawa mbande za fodya wa chikopa kwa alimi a ku Lilongwe ndi Dowa kuti azilima m'minda yawo n'kumawagulitsa iwowo. Zomwe zinachitika zinadabwitsa ambiri. M'zaka zochepa alimi masauzande analowa mu ulimiwu, ogula anachuluka n'kuyamba kupikisana, ndipo munthu wa m'mudzi anayamba kugula njinga ndi nsalu ndi ndalama ya pamunda pake.

Mukuganiza kuti boma linasangalala n'kutsegula misika yambiri? Ayi ndithu. Mu 1926 linakhazikitsa bungwe la Native Tobacco Board. Chifukwa chomwe linapereka chinali choti fodya asatsike giredi, ndipo nkhawa imeneyi inali ndi mbali yake yoona. Koma m'bungwelo munali akuluakulu a boma ndi azungu a maesiteti, mlimi wakuda munalibe. Bungwelo linkalemba m'kaundula amene aloledwa kulima, linkachepetsa kukula kwa minda, linachepetsa misika, ndipo ndalama zoyendetsera zonsezi zinkadulidwa pa fodya wa mlimi yemweyo. Amene ankakhala kutali ndi msika wovomerezeka ankangosiya, kapena ankapita kukakhala tenanti pa esiteti.

Dzina la bungweli linkasinthasintha, mabungwe a chimanga ndi thonje anabweranso, ndipo mu 1956 anawaphatikiza kukhala bungwe limodzi. Koma maganizo anali amodzimodzi: mlimi wamba azigulitsa kwa wogula mmodzi, pa mtengo womwe wogulayo wanena. Sungani mfundo imeneyi, tiipezanso kutsogoloku itavala malaya ena.

Chuma chinabala andale

Tsopano tione mbali inayo, mmene chuma chinasinthira ndale. Chifukwa choti kunyumba kunalibe ntchito zolipira bwino, amuna ambiri anapita ku Halale, ku migodi ya mkuwa ku Northern Rhodesia ndi ku Joni, ena pansi wapansi, ena kudzera ku Wenela ndi Mthandizi. Ena sanabwererenso, ndi aja tinkawatcha machona. Koma amene ankabwerera sankangobwera ndi masutikesi ndi magalamafoni okha. Ankabwera atawona migwirizano ya antchito ndi masitiraka. Clements Kadalie wa ku Nkhata Bay, yemwe anaphunzira ku Livingstonia, ndi amene anayambitsa bungwe la antchito la ICU ku Cape Town mu 1919, ndipo linakula kwambiri ku South Africa.

Kunyumba kuno boma ndi makampani ankafuna makalaliki, aphunzitsi ndi omasulira, ndipo masukulu a mishoni anawaphunzitsa. Anthu omwewa ndi amene anayambitsa mabungwe a eni dziko, loyamba ku Karonga mu 1912, ndipo mu 1944 anagwirizana n'kupanga Nyasaland African Congress, Levi Mumba n'kukhala pulezidenti woyamba. Chuma cha atsamunda chinadziphunzitsira chokha anthu odzachitsutsa. Pang'onopang'ono chitseko chinayamba kutseguka: anthu akuda oyamba analowa m'nyumba ya malamulo mu 1949 mochita kusankhidwa ndi bwanamkubwa, ndipo mu 1956 munalowa asanu, kuphatikizapo achinyamata awiri olusa, Henry Masauko Chipembere ndi Kanyama Chiume.

Koma ophunzira okha sakanagwedeza boma. Chomwe chinakokera anthu a m'midzi ku Congress ndi nkhani za kumunda. Panali malamulo a malimidwe, okakamiza mizere yopingasa ndi milambala, pomwe wolephera ankalipitsidwa chindapusa, kuzulidwa mbewu kapena kumangidwa kumene. Kuteteza nthaka n'kwabwino, ndipo mizere timalimabe mpaka lero, koma chinthu chabwino chikabwera ndi chikwapu anthu amadana nacho. Panali mitengo ya mabungwe ogula mbewu, panali thangata, panali chikumbumtima cha njala ya 1949. Pamwamba pa zonsezi anawonjezera chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland mu 1953, chomwe anthu ankaopa kuti chibweretsa kulanda malo ngati kwa ku Southern Rhodesia. Chaka chomwecho ku Thyolo kunabuka zipolowe pa maesiteti.

Dr Hastings Kamuzu Banda atafika pa 6 Julaye 1958 anapeza nkhuni zouma kale. Pa 3 Malichi 1959 boma linalengeza za ngozi, anthu anaphedwa ku Nkhata Bay ndi madera ena, atsogoleri anamangidwa. Koma mu 1961 Malawi Congress Party inapambana chisankho, ndipo zina mwa zinthu zoyamba kuchotsedwa zinali zilango za malimidwe ndi thangata. Voti itangofika m'manja mwa anthu akuda, malamulo a kumunda anasintha. Apa ndiye poonekeratu kuti ziwirizi zimakokana.

Ufulu unabwera, sikelo inatsala

Tinalandira ufulu pa 6 Julaye 1964. Patangotha miyezi iwiri nduna zinasemphana ndi Dr Banda, ndipo zina mwa nkhani zomwe anakanganirana zinali za m'thumba: tiki, ndiye kuti mapeni atatu, yomwe odwala ankayenera kulipira kuchipatala, malipiro a ogwira ntchito m'boma, ndi kuchedwa kopereka maudindo kwa Amalawi. Orton Chirwa, Chiume ndi ena anachotsedwa, Chipembere ndi anzake anatula pansi udindo. Mu 1966 dziko linakhala la chipani chimodzi, mu 1971 Dr Banda anakhala pulezidenti wamuyaya. Kuyambira pamenepo panalibenso wofunsa mafunso m'nyumba ya malamulo.

Chaka chomwecho cha 1971 bungwe logula mbewu, lomwe kuyambira 1962 linkatchedwa Farmers Marketing Board, linasanduka ADMARC. Tinene chilungamo, ADMARC inachita zambiri zabwino, ndipo agogo athu akamaisimba ndi chisangalalo sakunama. Inali ndi misika mpaka kumidzi yakutali, inkagula chimanga pa mtengo umodzi dziko lonse, ndipo nthawi ya njala munthu ankadziwa kokagula. Koma pa fodya wa chikopa, thonje ndi mtedza inali wogula yekhayo wa mlimi wamba, ndipo inkamulipira ndalama yochepa kwambiri poyerekeza ndi yomwe inkapeza ikagulitsa ku okushoni kapena kunja.

Nthawi yomweyo msika wa fodya unali utatseguka, chifukwa azungu a ku Rhodesia atadzilengezera ufulu mu 1965 mayiko anawaikira ziletso za malonda, ogula n'kuyamba kuyang'ana kuno. Fodya wa ndalama zambiri anali bale ndi uja wowumitsa m'mabalani. Lamulo la mbewu zapadera linati fodya ameneyu alimidwe ndi okhawo a ziphaso, ndipo ziphaso zinkapita kwa eni maesiteti, kupatula alimi ochepa a m'masikimu. Lamulo la malo la 1965 linapatsa nduna mphamvu pa malo a mafumu, ndipo ambiri anasandutsidwa a lizi. Nanga maesiteti atsopanowa anali a yani? Ambiri anali a nduna, akuluakulu a chipani, akuluakulu a m'boma, ndi kampani ya Press Holdings yomwe mwini wake anali Dr Banda.

Tsatani bwino mmene ndalama inkayendera. Mlimi wa chikopa ku Dowa agulitsa ku ADMARC motchipa. ADMARC ipeza phindu. Phindulo lilowa m'makampani a Press, m'maesiteti ndi m'mabanki omwe ankabwereketsa ndalama kwa otsegula maesiteti. Akatswiri awiri a zachuma, Jonathan Kydd ndi Robert Christiansen, anafotokoza zimenezi mu 1982, kuti maesiteti anakula ndi ndalama zofinyidwa kwa alimi ang'onoang'ono. Antchito nawo anapezeka mosavuta. Mu 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown, ku Botswana, n'kupha Amalawi oposa 70, boma linaimitsa kulemba anthu opita ku migodi, ndipo ambiri obwerera anakathera ku maesiteti.

Chuma chinakuladi m'zaka za m'ma 1970. Misewu inamangidwa, njanji ya ku Nacala inatsegulidwa mu 1970, likulu linasamukira ku Lilongwe mu 1975. Koma tangoganizani za mkulu wa chipani yemwe ali ndi esiteti ya lizi, chiphaso cha bale ndi ngongole ya kubanki, zonse zopezeka chifukwa cha kukhulupirika kwake. Angatsegule pakamwa kutsutsa? Akatero zonse zipita tsiku limodzi. Chuma chinakhala chingwe chomangira anthu ku mpando. Mlimi wamba naye, kuti alowe mumsika kapena akwere basi, ankayamba waonetsa khadi la chipani kwa ayufi.

Thumba litabooka

Dongosolo limeneli linkayenda bola ndalama zikulowa. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970 mafuta anakwera mtengo padziko lonse, mitengo ya fodya inagwa, chiwongoladzanja cha ngongole chinakwera. Nkhondo ya ku Mozambique inatseka njanji za ku Beira ndi Nacala, katundu wathu n'kumazungulira mtunda wautali kukafika ku Durban, ndipo othawa nkhondo pafupifupi 1 miliyoni analowa m'dziko muno. Maesiteti ambiri analephera kubweza ngongole, Press inamira m'ngongole, ADMARC inayamba kuluza.

Boma linapita kukabwereka ku World Bank ndi IMF, ndipo ngongole yoyamba yokonzanso chuma inabwera mu 1981. Wobwereketsa amabwera ndi mfundo zake. Mu 1987 amalonda wamba analoledwa kugula mbewu kwa alimi. M'zaka zomwezo mabanja ochenjera anapeza njira yozembera: ankalembetsa munda wa banja kuti ukhale kaesiteti ka lizi, n'cholinga chongopeza chiphaso cha bale, ndipo timaesiteti totere tinachuluka masauzande. Pomaliza mu 1990 alimi ang'onoang'ono analoledwa kulima bale, poyamba ochepa, kudzera m'makalabu. Pasanathe zaka khumi iwowa ndi amene ankalima gawo lalikulu la bale wa dziko lino. Ndiye funsani, luso limeneli analitenga kuti mwadzidzidzi? Anali nalo kalekale. Lamulo ndi lomwe linawatsekera.

Ndale nazo sizinachedwe kutsatira. Mu 1992 kunagwa chilala choopsa. Pa 8 Malichi chaka chomwecho maepiskopi a Katolika anatulutsa kalata yomwe inawerengedwa m'matchalitchi, ndipo kuwonjezera pa ufulu woyankhula inakamba za kusiyana kwa olemera ndi osauka, malipiro ochepa ndi mitengo ya mbewu. Mu Epulo Chakufwa Chihana, mtsogoleri wa mabungwe a antchito, anamangidwa atangotsika ndege ku Lilongwe. Mu Meyi antchito a fakitale ya nsalu ya David Whitehead ku Blantyre ananyanyala ntchito, sitiraka inafalikira, anthu anaphedwa pa zipolowe. Mwezi womwewo mayiko othandiza anaimitsa thandizo lonse kupatula la chakudya ndi zachifundo. Nkhondo yapakamwa ya America ndi Soviet Union inali itatha, ndiye boma lathu silinalinso lofunika kwa azungu ngati kale.

Pa 14 Juni 1993 pa referendamu anthu pafupifupi awiri mwa atatu alionse anasankha nyali, chizindikiro cha matipate, ndipo pa 17 Meyi 1994 Bakili Muluzi anapambana chisankho. Kulimba mtima kwa anthu kunali kofunika kwambiri, tisakuchepetse. Koma anthu olimba mtima analipo ngakhale kale, ambiri anathera ku Mikuyu ndi ku Dzaleka. Chomwe chinasintha mu 1992 n'chakuti boma linalibenso ndalama zogulira kukhulupirika.

Voti ndi kuponi

Matipate itabwera, mlimi wa m'mudzi anakhala ndi chinthu chomwe andale amachifuna, voti. Ndipo mfundo za chuma zinayamba kumutsata. Sukulu ya pulayimale yaulere inayamba mu 1994, ana oposa 1 miliyoni n'kuwonjezereka m'makalasi chaka chimodzi. Mu 1998 kunabwera Starter Pack, timapaketi ta mbewu ndi feteleza. Mu 2005 boma la Bingu wa Mutharika linayambitsa makuponi a feteleza wotsika mtengo ngakhale ena mwa othandiza sankafuna, ndipo mu 2020 pulogalamuyi inasintha dzina kukhala AIP. Palibe chipani chomwe chingayerekeze kupita ku chisankho osatchula feteleza. Uku ndi kupambana kwa voti, ndipo ambirife tinaphunzira chifukwa cha sukulu yaulere ija.

Koma voti ili ndi msampha wake. Chisankho chimabwera pakatha zaka zisanu zilizonse, ndiye wandale amakonda chinthu chooneka msanga, chogwirika m'manja, choti anthu akamukumbukire m'kachipinda kovotera. Kuponi imaoneka chaka chomwecho. Damu la mthirira, malo opangira magetsi kapena kuphunzitsa aphunzitsi okwanira zimatenga nthawi yaitali, mwinanso riboni adzadula ndi wina. N'chifukwa chake patapita zaka zonsezi tikudalirabe mvula ndi fodya, ndipo fodya akadali mbewu yomwe imabweretsa ndalama zakunja zochuluka kuposa ina iliyonse.

Mlimi wa bale nayenso anapeza kuti chilolezo cholima si mathero a nkhani. Ku okushoni ya Limbe, Kanengo, Chinkhoma kapena Mzuzu ogula akuluakulu ndi ochepa, alimi ndi ambirimbiri. Belo likhoza kubwezedwa, ndipo pa ndalama yomwe yatsala pamadulidwa za thiransipoti, za okushoni ndi ngongole ya zipangizo. Kuyambira 2012 fodya wambiri amalimidwa pa kontirakiti ndi makampani. Funso lija la 1926 likadalipo: popanga malamulo a msika, mlimi amakhala nawo patebulo?

Ndipo thumba likabooka ndale zimagwederabe ngati kale. Ena mwa inu mukukumbukira mizere ya mafuta ya 2011, pamene fodya anagulidwa motchipa, ndalama zakunja zinasowa, ndipo thandizo linaimitsidwa boma litathamangitsa kazembe wa Britain. Pa 20 Julaye anthu anapita pamsewu ndipo pafupifupi 20 anaphedwa. Mu 2013 Cashgate inaonetsa mmene ndalama za boma zimatulukira pakakhala kuti oyang'anira akugona kapena akudya nawo. Koma tili ndi chitsanzo chinanso: pa 3 Febuluwale 2020 khoti linafafaniza chisankho cha pulezidenti cha 2019, chinachitikanso mu Juni, ndipo dziko silinapse. Mabungwe a boma akhoza kugwira ntchito anthu akamawayang'anitsitsa.

Nanga ife?

Tibwerere kwa mnzathu uja wofuna kampamba. Sindikunena kuti asiye geni n'kuyamba kuvala nsalu za chipani, ayi. Ndikunena kuti geni yakeyo ili kale m'kati mwa malamulo opangidwa ndi anthu ena. Chiphaso cha khonsolo, tikiti ya mumsika, msonkho wa pa boda, chiwongoladzanja cha kubanki, mtengo wa dola, amene aloledwa kutumiza soya kapena nandolo kunja, zonsezi wina anakhala pansi n'kuzisankha. Kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kampamba ka aliyense kanachepa usiku umodzi, wokonda ndale ndi wosakonda yemwe.

Mbiri ya fodyayi ikutisiyira mafunso oti tizifunsa pa lamulo lililonse lokhudza ndalama. Analipanga ndani, ndipo amene likuwakhudza analipo? Likutsegulira yani chitseko, likutsekera yani? Likakupweteka ukadandaule kuti, ndipo kumeneko angakumvere osaopa bwana? Mu 1907, mu 1926 ndi mu 1971 mayankho ake anali oipa kwa munthu wamba, ngakhale kuti olamulira anasintha khungu. Malamulo anamukomera pamene anali ndi mawu owerengedwa, monga zinachitikira chisankho cha 1961 ndi cha 1994 chitadutsa.

Mafunso omwewa ayambire pafupi. Mu banki m'khonde yanu, mu kopaletivi, mu komiti ya chitukuko ya m'mudzi, ngakhale m'kalabu yathu ino, ndani amasunga buku la ndalama, ndipo ndani amaloledwa kuliona? Ngati sitingafunse msungichuma wathu yemwe timadya naye chiwaya, tidzafunsa bwanji khansala kapena phungu za ndalama za chitukuko cha dera? Akuluakulu amati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Ufulu womwe uli m'malamulo koma sitikuugwiritsa ntchito uli pachala.

Ndikusiyireni kantchito. Sabata ino pezani agogo, amalume kapena azakhali omwe analima kapena kugwira ntchito chisanafike chaka cha 1990. Afunseni zomwe ankalima, komwe ankagulitsa, amene ankanena mtengo, ndiponso ngati anakhalapo tenanti, anapitako ku Wenela kapena anabwezedwapo pa geti ya msika chifukwa cha khadi. Lembani zomwe akuuzeni m'kope, mayina awo muwasunge ngati sakufuna kutchulidwa, ndipo mubwere nazo tikadzakumananso. Tidzaziika pamodzi tione ngati zikugwirizana ndi zomwe mwawerengazi, kapena ngati pali pomwe akuluakuluwo atikonze.

Mugawireko anzanu omwe sali m'kalabu, makamaka aja amati za ndale alibe nazo ntchito.